Whiteson Abwerera ku Sitandade Thu

"Ine ndikalowa pamalo, ngakhale ntchentche imayamba yapempha chilolezo isanauluke," anatero Whiteson Sakala, phazi lili pachopondera cha makina osokera, diso limodzi lili kumsewu kuti aone ngati alipo wina amene wamvako. "Holo ya Welofeya mukuidziwa inu a Waziri. Anthu mazana atatu, ena atalawa, ena ana ali kumsana. Ndikangokweza dzanja chonchi, zii! Ndiye mundiuze za kamwana ka zaka khumi ndi chimodzi? Ndipatseni masiku atatu. Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Pakamwa pake padzakhala ngati thumba la jekete yatsopano: lilipo, koma silitseguka."

Waziri, mwini sitolo imene Whiteson ankasokera pakhonde pake, anapitiriza kupinda nsalu osadzutsa mutu.

"Kamwanako n'ka yani, a Sakala?"

"N'kanga. Lettie."

"Ehe. Ndimangofunsa."

Anali masiku a Chitaganya, chaka cha 1958, ndipo mu Fort Jameson monse panalibe wosamudziwa Whiteson. Mkati mwa mlungu anali telala. Loweruka madzulo anali womasulira bioskopo, kanema wa masiku amenewo, m'holo ya Welofeya ku Kapata. Palibe amene anamulemba ntchitoyo. Anangoimirira tsiku lina pakati pa chithunzi n'kuyamba, ndipo sanakhalenso pansi mpaka zaka khumi ndi ziwiri. Azungu a m'zithunzizo ankalankhulira m'mphuno, mothamanga, ndipo Chingerezi cha Whiteson chinali cha kukhitchini ya hotela ku Sozibele, mzinda waukulu wa kummwera kumene anagwirako ntchito, chokwanira kumva kuti mazira apserera, osati kumva chifukwa chimene munthu wawombera mnzake. Koma ndani akanamutsutsa? Mzungu aliyense wokwera kavalo ankamutcha Jeki. Wa chipewa chakuda anali chigawenga. Mkazi akaonekera, Whiteson ankapana mphuno n'kutulutsa timawu tating'ono ngati ta namwali wochokera kusukulu ya atsikana, anthu n'kumagubuduka pamabenchi. Lettie anayamba kupita kuholoko ali kumsana kwa amake. Ana ena amayamwa mkaka wokha, iye anayamwa ndi mawu omwe.

Kalata yochokera kusukulu inafika Lolemba m'mawa, ndipo masana ake Whiteson ndi mkazi wake Olipa anali atakhala pabenchi m'kalasi ya Sitandade Thu, ana ataweruka. Mphunzitsi wa Lettie anali Abednego Mvula, mnyamata wowonda, waulemu, wa mawu osakwera osatsika ngati madzi a m'ngalande.

"Bambo ndi Mayi Sakala, mwana wanu ndi wanzeru," anayamba motero. "Masamu amakhoza, kuwerenga amakhoza. Vuto ndi limodzi. Amamasulira."

"Amamasulira chiyani?" anafunsa Olipa.

"Ine."

Anatsegula kabuku kamene ankalembamo. "Ndikatembenukira kubolodi ndimangomva kumbuyo: ‘Uyo Jeki wapereka msana, sakudziwa kuti adani amuzungulira.’ Ndikaitana mnzake Alfonsi kuti adzawonkhetse samu: ‘Akupita, akupita mwana wamasiye, tsazikanani naye.’ Mlungu wathawu ndinagwetsa choko pansi chitangotsala kachidutswa. Ndisanawerame n'komwe: ‘Zipolopolo zamuthera!’"

Whiteson anamva kuseka kukubwera, ndipo msangamsanga anakusandutsa chifuwa. Zipolopolo zamuthera! Iye zaka zonsezi m'holo sanaganizeko zoterozo.

"Zoipa kwambiri," anatero atatha kutsokomola. "Sindikudziwa kumene wazitenga."

Olipa anamuyang'ana kamodzi kokha, n'kubwezera maso kwa aphunzitsi.

"Ndamukwapula m'manja," anapitiriza a Mvula. "Ndamugwaditsa. Ndamupatsa khasu kuti akalime kudimba la sukulu, monga mwa lamulo lathu la osokosa. Ali kudimbako anayamba kumasulira mmene mtsikana wosalakwa anagwidwira ndi zigawenga, kalasi yonse ili pazenera. Tsono mumve bwino. M'kalasi muno muli ana makumi anayi ndi asanu ndi mmodzi. Malo a Sitandade Fili alipo khumi ndi awiri, ndipo a atsikana sapitirira atatu. Lachisanu a manija a masukulu akubwera kudzaona ana, mayina tilemba tsiku lomwelo. Nkhani ya Lettie anaimva kale. Akangomva liwu limodzi losafunsidwa, ine sindingamuthandizenso."

Olipa anayang'ana manja ake, manja ogulitsa repu ndi tomato pamsika wa Kapata. Iye sukulu anailekera mu Sabu B, asanafike n'komwe kumasitandade, ndipo ankadziwa njira imene mtsikana wotsalira amadzera: chaka chino kukalera mwana wa achibale, chaka china kudikira mwamuna wochokera kumigodi ndi sutikesi yachitsulo.

Apa ndi pamene Whiteson anaimirira n'kukoka jekete. Anati nkhaniyi ndi yaing'ono. Anati mwana amaopa diso la atate ake. Anati iye adzakhala kumbuyo kwa kalasi masiku atatu, ndipo aphunzitsi adzamva ngakhale kuyenda kwa nyerere pansi. A Mvula anayang'ana Olipa, Olipa anayang'ana a Mvula, ndipo onse awiri anavomera msanga kuposa mmene munthu wochenjera akanafunira. Potuluka, Olipa anati atsalako pang'ono kuti afunse aphunzitsi za kasokedwe ka yunifolomu. Whiteson anatsogola akuimba mluzu. Sizinamufikire m'mutu kuti mkazi wa telala sangafunse mphunzitsi za kasokedwe. Amuna a ku Kapata timatero: tikamva mawu athu omwe akukoma, makutu amatseka sitolo.

Ndiye Lachiwiri linali tsiku lodzitama, pakhonde la Waziri, pampopi wa madzi, ndi kunyumba pamaso pa Lettie mwini wake, nkhani ya ntchentche ija ikubwerezedwa kulikonse. Chinthu chimodzi chokha chinamusokoneza. Atatsegula chitini chake cha mabatani, anaona kuti achepa.

"A Waziri, mabatani anga mwawaonako?"

"Mwina apempha chilolezo n'kuuluka," anatero Waziri.

Lachitatu m'mawa Whiteson analowa m'kalasi atavala jekete yake ya ku Sozibele ndi tayi wofiira. Anamupatsa benchi yakumbuyo kwenikweni, yofupika, moti atakhala mawondo anafika pafupi ndi makutu. Lettie anali mzere wachitatu, mbali ya atsikana. Whiteson anakonza nkhope imene anaiyeserera pagalasi la Waziri, nsidze pansi, mlomo wam'munsi patsogolo, n'kuilozetsa pankhongo ya mwana wake.

Ndipo taonani, zinagwira. Aphunzitsi anatembenukira kubolodi: zii. Alfonsi anaitanidwa, nayenda ngati mbuzi yopita kwa abutchala: zii. Whiteson anaona kuti nthawi iliyonse yoteroyo dzanja la Lettie linkachoka m'thumba lakumanzere n'kulowa m'thumba lakumanja. Akunjenjemera, anaganiza motero. Mwana wosauka, diso langali ndi lolemera.

Koma pasanathe ola, Whiteson anazindikira kuti m'kalasimo munali munthu wina amene anali pamavuto aakulu kuposa Lettie. A Mvula anayamba phunziro la mitsinje. Luangwa! Mtsinje wa ng'ona, wa mvuu, mtsinje umene basi ya ku Lusaka ikamawoloka amayi amatseka maso n'kuyamba nyimbo ya kumaliro. Munthuyu ankaunena ngati akuitana mayina a odwala pachipatala. "Luangwa athira mu Zambezi. Bwerezani." Ana anabwereza. Palibe ng'ona ngakhale imodzi imene inatulutsa mutu. Lilime la Whiteson linayamba kuyabwa kunsi kwake, pamalo osakandika. Anaumirira mano. Anawerenga mitengo ya denga. Kenaka aphunzitsi atanena kuti m'chilimwe madzi amachepa, kumbuyo kunamveka "Mhm!" wamkulu, wa munthu amene akudziwa zambiri pankhaniyo. Mitu makumi anayi ndi isanu ndi umodzi inatembenuka.

"Chifuwa, aphunzitsi," anatero Whiteson. "Pitirizani."

Itatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti ana aweruke, iye ananyamuka, poti makasitomala ankamudikira pakhonde. Kwa Waziri anafika akuyenda ngati msilikali wobwera kunkhondo.

"Tsiku loyamba, liwu ngakhale limodzi."

"La yani?" anafunsa Waziri.

Lachinayi Whiteson anabwera atakonzeka. Telala aliyense amadziwa kuti nthawi yokha imene munthu sangalankhule ndi pamene waluma mapini, akuyeza kasitomala. Ndiye anatenga mapini asanu ndi limodzi, ndipo asanatuluke m'nyumba anawayesa pakamwa.

"Atate ake a Lettie," anatero Olipa akumanga dengu lake, "mapiniwo ndi a mwana kapena ndi anu?"

Whiteson sanayankhe. Sakanatha. Ichi chinam'tsimikizira kuti njirayo ndi yabwino.

Tsiku lonselo anakhala kumbuyo mapini ali ndandanda pamilomo ngati ndevu za mlamba. Ana aang'ono ankaopa kumuyang'ana. Phunziro linali la chimanga ndi anankafumbwe, nkhani yomvetsa chisoni, ya banja lolimbikira ndi mbava zolowa m'nkhokwe mwakachetechete, ndipo a Mvula anaipha nkhaniyo pamaso pake, iye akuona, osatha kuilanditsa. Thukuta linatsika m'khosi mpaka kunyowetsa tayi. Koma anapirira, ndipo Lettie naye sanatsegule pakamwa kupatula pamene wafunsidwa.

Ananyamuka nthawi yake yomwe ija. Atafika pamtengo wa mango wa kumsewu anagwira kumutu n'kupeza kuti chipewa wasiya pansi pa benchi. Pobwerera, asanafike pakhomo, anamva chiphokoso cha kuseka. Anasuzumira pazenera.

Lettie anali ataima kutsogolo. Pathebulo la aphunzitsi panali mabatani asanu ndi awiri, ndipo Whiteson anawadziwa onse ndi mayina awo: awiri a malaya a khaki, limodzi la jasi la m'busa wina, ena oyera a madiresi. Mwanayo ankatola limodzi, n'kunena chimene anasunga, n'kulibwezera m'thumba.

"Ili ndi la pamene Tereza anayetsemula: ‘Mfuti yalira kumadzulo!’ Ili ndi la anankafumbwe. Tamverani. Usiku wagwa, mlimi wagona, akuganiza kuti ndi wolemera. Koma chimanga anachikolola chisanaume, nkhokwe sanaisese, phulusa sanathire. Uyo akubwera, wamfupi, chipewa chakuda, mphuno yaitali..."

Ana ankaseka, koma Whiteson anaona kuti milomo yawo ikutsatira: kuumitsa, kusesa, phulusa. A Mvula anali ataima pambali manja kumbuyo, akumwetulira ngati munthu amene wapeza ndalama m'buluku lakale.

Chipewa anachisiya komweko. Anapita molunjika kumsika, kumene Olipa ankawaza madzi pamasamba.

"Amake Lettie, mabatani anga akutani kusukulu?"

"Akuphunzira," anatero Olipa. "Tinagwirizana ndi aphunzitsi. Mawu akamuyabwa, asawatulutse, koma asamutse batani kupita kuthumba linalo. Pomaliza am'patsa nthawi yake awatulutse onse, koma aziphatikiza ndi phunziro la tsikulo. Mwanayu kumutseka pakamwa sizingatheke, a Sakala, ine ndayesa kwa zaka khumi ndi zisanu pa munthu wina ndipo ndalephera. Tikungomuphunzitsa kudikira."

"Mabatani sangachite kanthu. Ndi diso langa."

"Ndi diso lanu ndithu, atate ake a Lettie. Mabatani akungothandizako."

"Nanga n'chifukwa chiyani munavomera kuti ndizikhala m'kalasi?"

"Aphunzitsi anati ndi bwino mwana aone kuti nkhani yake yafika poti atate ake atseka makina. Ine ndinati ndi bwinonso aone mmene munthu wamkulu amavutikira ndi matenda omwewo. Tomato uyu mutengere kunyumba."

Whiteson anayenda ndi tomatoyo akusinkhasinkha, ndipo asanafike kunyumba anali ataipeza mfundo yomutonthoza. Mabataniwo anali ake. Choncho kaya ndi diso, kaya ndi mabatani, wopambana anali yemweyo.

Lachisanu galimoto ya a manija inaima pabwalo la sukulu belu lisanalire. Manijayo anali mzungu wa mishoni, wamtali, wa khosi lofiira, amene Chinyanja chake anachiphunzira m'mabuku ndipo ankachilankhula mawu alionse paokhapaokha ngati akuika mazira m'dengu. A Mvula anamuonetsa Whiteson, amene anali ataima pakhomo mapini ali kale m'malo mwake.

"Awa ndi atate a Lettie Sakala, bwana. Akhala nafe masiku atatu kuti atithandize."

"Muli bwanji, bambo?" anatero manija atatambasula dzanja.

Munthu sangayankhe moni ndi mapini pakamwa. Whiteson anawazula onse n'kuwabaya pakolala ya jekete.

"Ndili bwino, bwana, kaya inu."

"Makolo otere ali osowa," anatero manija. "Ambiri atumiza ana monga atumiza mbuzi kudambo. Inu muli chitsanzo."

Chitsanzo! Whiteson anakakhala pabenchi yake mawuwo akumuotha m'chifuwa. Ankaganiza kale mmene adzawanenere kwa Waziri, ndi mawu amene adzawonjezerepo. Mapini anatsala pakolala.

Kenaka anyamata awiri analowa atanyamula batire la galimoto, manija ali pambuyo ndi kabokosi kachitsulo. Analamula kuti mazenera atsekedwe ndi masaka. Lero, anati, ana aona zithunzi za ukhondo pakhoma, ndipo pomaliza iye adzafunsa mafunso, kenaka alemba mayina. Pa nthawi ya zithunzi safuna kumva mawu a munthu.

Masaka anakwera. M'kalasi munada. Kabokosi kanayaka, ndipo mzere wa kuwala unadutsa pamwamba pa mitu ya ana, fumbi likuvina mkati mwake. Kafungo ka nyale yotentha kanafika kubenchi yakumbuyo. Mutu wa Whiteson unkadziwa bwino kuti lero ndi Lachisanu m'mawa ndipo ali kusukulu. Koma thupi lonse, kuyambira kumawondo mpaka kulilime, linati ndi Loweruka.

Chithunzi choyamba chinali ntchentche, yaikulu ngati mbuzi, maso ofiira, miyendo yaubweya. Ana anapuma mokoka. "Ntchentche," anawerenga manija m'kabuku kake, "iri chirombo chaching'ono chimene chinyamula nthenda." Whiteson anagwira benchi ndi manja onse awiri. Chigawenga chotere, chokhala ndi nkhope yotere, n'kuchitchula chaching'ono!

Manija anapotokola kachitsulo. Chithunzi chachiwiri: ntchentche ija itatera pakamwa pa chimbudzi chosavundikira. "Pano ntchentche iri pa malo onyansa." Whiteson anafufuza mapini ndi lilime n'kupeza milomo yokhayokha. Anafuna kuwatenga pakolala, koma manja anakana kusiya benchi. Mumdimamo ankamva, kutsogolo pang'ono, kaphokoso ka batani likugunda linzake m'thumba. Ke. Ke.

Chithunzi chachitatu chinabwera. Mwana wonenepa wakhala pamphasa, phala lili m'mbale patsogolo pake, amake ayang'ana kumbali. M'mphepete mwa mbaleyo mwatera ntchentche ija, itakweza timiyendo takutsogolo, ikutikita pamodzi ngati mlendo amene wafika nthawi yabwino.

Manija anatsegula pakamwa kuti awerenge, koma wina anamutsogolera. Timawu tating'ono, topanidwa m'mphuno, taulemu wonse, tinadutsa m'kalasi monse:

"Odi kuno, amayi! Musavutike ndi madzi, ine ndasamba kale kuchimbudzi!"

Kalasi inaphulika. Ana anagwa m'mabenchi, masileti anagubuduka, wina anagunda batire ndi phazi chithunzi n'kuzima. Kwa kamphindi kochepa Whiteson anamva kukoma kumene amakumva Loweruka lililonse, kuja kotsika mpaka kuzala zakuphazi. Kenaka anakumbukira pamene anali.

"Chotsani masaka," anatero manija.

Kuwala kunalowa. Kuseka kunazima mzere ndi mzere. Ndipo mwa chizolowezi cha chaka chonse, ana onse anatembenukira kwa Lettie.

"Ndi mtsikana uja?" anafunsa manija. Khosi lake linali litafiira kuposa kale. Anatenga pepala la mayina pathebulo n'kuvula chivundikiro cha peni.

A Mvula sanayang'ane Lettie. Anayang'ana kubenchi yakumbuyo, ndi maso a munthu amene sangaloze chala kholo limene bwana wake wangolitcha chitsanzo. 

Tsono apa tinene zoona, poti Whiteson mwini wake sanazibise pambuyo pake. Munthu uja amene analephera kukhala chete masiku atatu, pa nthawi iyi anakhala chete bwinobwino, popanda phini ngakhale limodzi. Anapeza kuti n'zosavuta konse. Anayang'ana zenera n'kuliyeza ndi maso a telala: mapewa akhoza kudutsa. Anaganiza za holo ya Welofeya, za Waziri, za mawu aja akuti chitsanzo, amene anali asanawagwiritse ntchito ngakhale kamodzi. Anaganizanso kuti mwina mzunguyo angokhululuka. Azungu a mishoni amakhululuka, si ndiyo ntchito yawo?

Lettie anali atakhala mowongoka, milomo itatsekeka gwa, misozi ikulengeza. Mawu a atate ake ankawadziwa kuyambira ali kumsana. Whiteson anaona mapewa a mwanayo akukwera, monga amachitira munthu amene mawu afika kale pamano. Kenaka dzanja lake linalowa m'thumba lakumanzere, linatulutsa batani, n'kulisamutsira kumanja. Ke.

Whiteson anaimirira. Benchi yofupika ija inakwera naye pang'ono n'kugwa chagada.

"Ndine, bwana."

Manija anapukusa mutu mwachifundo.

"Kuli kwabwino kuti atate akonde mwana wake, bambo. Koma bodza liri tchimo. Ine ndamva ndi makutu anga. Mawu aja anali a mtsikana."

"Anali anga, bwana."

"Munthu wa ndevu sangathe kulankhula chotero." Peni inatsikira papepala.

Panalibe njira ina. M'holo Whiteson ankachita zimenezi mumdima, anthu akuyang'ana khoma. Tsopano anatuluka pakati pa mabenchi, masana dzuwa likuswa mtengo, atavala jekete ya ku Sozibele ndi tayi wofiira, pamaso pa ana makumi anayi ndi asanu ndi mmodzi, mphunzitsi ndi mzungu. Anapinda mawondo pang'ono. Anakweza manja pachifuwa n'kuyamba kuwatikita. Anapendeketsa mutu.

"Odi kuno, amayi," anatero ndi timawu tija. "Musavutike ndi madzi..."

Sanamalize. Alfonsi anali kale pansi pa desiki akulira ndi kuseka. A Mvula anatembenukira kubolodi n'kuyamba kufufuta malo amene panalibe cholembedwa. Manija anatulutsa mpango n'kupukuta mphuno nthawi yaitali kuposa mmene mphuno imafunira.

"Chabwino," anatero potsiriza. "Ndakhulupirira. Lettie Sakala, imirira. Iwe unakhala chete?"

"Inde, bwana."

"Unalibe chonena?"

"Ndinali nazo, bwana. Zili m'thumba."

A Mvula anafotokoza mwachidule za mabatani, ndi kuti nzeruyo anapangana ndi amake a mwanayo. Manija anati aone. Lettie anapita kutsogolo n'kukhuthula thumba lakumanja pathebulo: mabatani asanu ndi anayi, pa zithunzi zitatu zokha. Anatola loyamba n'kuyamba. Anaitenga ntchentche ija kuchokera kudzala kumene inabadwira, anaiperekeza kuchimbudzi, anaonetsa zimene zimamatirira ku ubweya wa miyendo yake, anaifikitsa pambale ya phala, kenaka anatengera mwana wonenepa uja kuchipatala akutsegula m'mimba. Anati chigawengachi sichiopa mfuti, chimaopa chivundikiro: china pachimbudzi, china pambale, ndi tsache pabwalo. Zina mwa izi zinali m'zithunzi zimene manija anali asanaonetse n'komwe. Ana anaseka pamalo oyenera kuseka, n'kukhala chete pamalo oyenera. Whiteson, ali chiimire pakati pa mabenchi poti palibe amene anamuuza kuti akhale, anaona kuti mwanayo amadziwa kudikira kuseka kuthe asanapitirize, chinthu chimene iye anachiphunzira patatha zaka zitatu.

Manija analemba papepala lija. A Mvula anasuzumira, n'kuyang'ana Whiteson, n'kugwedeza mutu kamodzi. Dzina linalowa.

"Tsopano, aphunzitsi," anatero manija akutseka peni, "lamulo la sukulu ino liri lotani kwa munthu wosokosa m'kalasi?"

"Khasu!" anayankha ana onse pamodzi.

"Lamulolo ndi la ana, bwana," anatero a Mvula mwamsanga. "Bambo Sakala ndi mlendo wathu."

Koma Alfonsi, amene chaka chonse anakhala akutsazikidwa ngati mwana wamasiye, anali atathamangira kale kuseri kwa chitseko. Anabwera nalo khasulo, anagwada mwaulemu, n'kulipereka ndi manja awiri. Whiteson anayang'ana manija. Manija anayang'ana kudenga. Anayang'ana a Mvula. A Mvula anabwerera kubolodi lawo loyera kale lija. Whiteson analandira khasu, n'kuliika paphewa la jekete ya ku Sozibele, n'kuyamba ulendo wa kukhomo.

"Aphunzitsi," anatero Lettie atakweza dzanja. "Latsala limodzi."

Pathebulo panalidi batani limodzi, lalikulu, la jasi la m'busa lija.

"Nena," anatero a Mvula.

Lettie analitola, anadikira mpaka atate ake atafika pakhomo penipeni, pamene dzuwa linkawaunika bwino.

"Uyo Jeki akutuluka m'tauni. Kavalo alibe, chipewa anasiya dzulo, mfuti yake ndi ya mpini. Ndipo taonani pamphuno pake, anzanga, chigawenga chija cha miyendo yaubweya chatera. Chilolezo sichinapemphe."